Ulendo wa tsiku limodzi kukaona matchalitchi akale: Magwero, Msoro, Kachebere kapena Nkhoma?

Tikangomaliza kukolola, pakwaya pathu pamabuka mkangano womwewo wa chaka chilichonse: ndalama zomwe takhala tikusonkhazi tipite nazo kuti? Anyamata amati ku Mfuwe, akaone njovu. Amayi achikulire amati njovu anaziona kalekale zikuwadyera mapira, iwo akufuna kukagwada m'tchalitchi momwe anabatizidwira makolo awo. Ine ndine msungichuma, ndiye mlandu umathera pa ine ndi kabuku kanga ka masamu. Ndaperekezapo magulu kumalo anayi amene munthu angathe kunyamuka mu Chipata m'mawa n'kudzagona pakhomo pake tsiku lomwelo, ndipo ndati ndiwaike pamodzi kuti amene mukukangana ngati ife muone posiyana pake.

Tiyambe tamvana mawu. Cathedral si tchalitchi chilichonse chachikulu ayi. Ndi tchalitchi chomwe muli mpando wa bishopu. Kuno ku Chigawo cha Kummawa cha Zambia, Akatolika awo ndi St Anne's mumzinda wa Chipata momwe muno, pamene a Anglican awo ndi St Luke's ku Msoro, kuchigwa. A Reformed alibe bishopu, choncho alibenso cathedral, koma pa nkhani ya ukale mishoni zawo sizingasiyidwe kumbuyo.

Zoyezera zanga

Choyamba ndi mtengo. Sindilemba makwacha pano chifukwa a ERB, bungwe loona za mafuta ndi magetsi, amalengeza mtengo wa mafuta pafupipafupi, ndipo eni maminibasi amasintha nawo tsiku lomwelo. Chomwe sichisintha ndi kawerengedwe. Tengani mtunda wopita ndi wobwerera, muwerengere kuti minibasi yodzaza imamwa lita imodzi pa makilomita 8 mpaka 10, muonjezere ya mwini galimoto, chakudya cha dalaiva ndi kena kosunga pambali. Funso loyamba kwa mwini minibasi likhale ili: "Kodi mtengo mwatchulawu ndi wa mafuta omwe, kapena mafuta tithira tokha?" Magulu ambiri amayambanirana pa filing'i siteshoni chifukwa chosafunsa zimenezi.

Chachiwiri ndi kupezeka kwa mayendedwe: galimoto ikupezeka mosavuta, nanga mseu ukupitika miyezi yonse? Chachitatu ndi zosamalira, kunena ntchito yomwe ulendowo umafuna kuti usafere m'njira, monga mapepala, matayala, chakudya ndi kulankhulana ndi eni malo. Chachinayi ndi zoopsa.

Pamwamba pa zonsezi ndimaika dzuwa. Kuno ikamakwana 6 koloko madzulo mdima uli pakhomo, ndipo misewu yathu usiku ndi ya ng'ombe, ngolo zopanda magetsi ndi njinga za makala. Ndikamayeza ulendo ndimayamba ndi ola lobwerera, kenako n'kumawerenga chobwerera m'mbuyo. Ndimayang'ananso munthu wofooka kwambiri pagulu, osati wamphamvu. Agogo a shuga ndi mwana wa pamsana ndiwo amanena kutalika kwa ulendo.

St Anne's ndi Magwero: ulendo wa pakhomo

Anthu amaupeputsa chifukwa ndi wapafupi, koma ndi umene uli ndi mbiri yambiri pa kilomita iliyonse. Chipata anali Fort Jameson, likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Dayosizi ya Akatolika inakhazikitsidwa mu 1959 ndi dzina lakalelo. Pa mpando wa ku St Anne's panakhalapo Ambuye Medardo Mazombwe zaka zoposa 20 asanapite ku Lusaka, ndipo ndi iwo amene mu 2010 anakhala kadinala woyamba wobadwira mu Zambia. Achinyamata ambiri amadutsa pa tchalitchichi tsiku ndi tsiku popita ku Down Shops osadziwa zimenezi.

Mukachoka pamenepo mumagwira mseu wa Magwero. Dzinalo likunena lokha. Pa 5 Julaye 1899, chaka chimodzi chitangopita nkhondo ya Angoni a Mpezeni ndi asilikali a British South Africa Company, amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State anayamba ntchito yawo pamenepa, ndipo ndi pomwe panaphukira mpingo umene lero tikuti Reformed Church in Zambia. Pomweponso mu 1905 panayamba kuphunzitsa anthu osaona, kenako panadzabwera sukulu ya osamva. Tsiku lina mtsikana wosaona anatiwerengera Salimo 23 zala zikuyenda pa pepala la timadontho, liwiro lake kuposa mlembi wathu wa maso awiri. Kwaya yonse inangoti zii. Mukakhala ndi nthawi yotsala mukhoza kuonjezera Madzimoyo, mishoni ina ya Reformed ya mu 1903, kumbali ya mseu wa ku Katete.

*Mtengo.* Wotsikitsitsa pa yonse. Gulu laling'ono likhoza kugawana mataxi, ndipo chakudya mumanyamula cha kunyumba.

*Kupezeka kwa mayendedwe.* Chaka chonse. Gawo la mumzinda mukhoza kuliyenda pansi kapena pa njinga zonyamula anthu, zomwe mu Chipata sizisowa. Nthawi ya mvula mseu wa kumidzi umakumbika, koma kufika mumafika.

*Zosamalira.* Kalata. Masukulu a ku Magwero si malo oonerera, ndi sukulu za ana a anthu. Lemberani a hedi ndi abusa a pampingo sabata ziwiri zisanakwane, ndipo musapite chimanjamanja. Sopo, shuga ndi mafuta odzola zimalandiridwa kuposa zithunzi. Ku St Anne's funsani ku ofesi ya parishi ngati Loweruka lomwe mwasankhalo kulibe ukwati kapena maliro.

*Zoopsa.* Za pamseu ndi zochepa. Choopsa chenicheni ndi gulu kumwazika. Poti ndi pafupi, wina amati andidikire ndithamangire kaye kumsika wa Kapata, wina amabwera mochedwa podziwa kuti atipeza. Ulendo wapafupi umafuna wapampando wouma mtima.

Msoro: cathedral ya kuchigwa

Uwu ndiwo ulendo womwe ndimaukonda, ndipo ndi womwenso unandichititsa manyazi kwambiri.

Msoro ili m'dziko la Akunda, m'boma la Mambwe, potsetserekera kuchigwa cha Luangwa. Chodabwitsa cha mishoniyi ndi munthu amene anaiyamba. Mishoni zambiri za nthawi imeneyo zinatsegulidwa ndi azungu, koma ku Msoro bungwe la amishoni a Anglican la UMCA linatuma wansembe wachikuda, Leonard Kamungu, wa ku Chia kufupi ndi Nkhotakota. Anafika mu 1911, natsegula masukulu m'midzi, ndipo anamwalira mu 1913 asanathe n'komwe zaka zitatu pantchitoyo. A Anglican amamukumbukirabe mpaka lero. Pamene dayosizi ya Eastern Zambia inkakhazikitsidwa mu 1995, mpando wa bishopu unaikidwa ku St Luke's komweko, osati mutauni. Ndiye mumayenda m'tchire la mitengo ya tsanya, fumbi lili koboo, mwadzidzidzi n'kutulukira pa cathedral, sukulu ndi chipatala. Nyimbo ikayamba m'menemo, ng'oma zikulira, munthu umaiwala msana womwe wathyoka m'njira.

*Mtengo.* Wapakati, koma wonyenga. Pa mapu mtunda umaoneka waufupi, koma mseu wa fumbi umamwetsa galimoto mafuta ambiri, ndipo mwini minibasi akamva dzina loti Msoro amakweza mtengo poganizira masipuling'i ake. Sindimudzudzula. Mukasankha kulowera ku Katete, werengeraninso ya pa toll gate ya pa Great East Road.

*Kupezeka kwa mayendedwe.* Apa ndiye pagona nkhani. Galimoto zonyamula anthu zopita kumeneko n'zosadalirika kwa munthu wofuna kubwerera tsiku lomwelo, chifukwa zambiri zimachoka kumudzi m'mawa kubwera kutauni n'kubwerera madzulo, pamene inu mukufuna zosemphana. Muyenera kuhaya yanuyanu, yokwera bwino pansi. Nyengo yake ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Okutobala mseu ndi wouma koma kuchigwa kumatentha mosaseweretsa. Mvula ikayamba, dothi la kumeneko limamata ndipo mitsinje imadzaza mosachenjeza.

*Zosamalira.* Tayala la sipeya, jeke, sipanala, chingwe chokokera, khasu, ndi madzi akumwa oposa amene mukuganiza. Mafuta thirani okwanira kupita ndi kubwerera musanachoke pa tala. Foni imagwira modukizadukiza, choncho uzani ansembe a kumeneko ola lomwe mukuyembekezeka, kuti mukachedwa adziwe koyambira kufunsa.

Za sipeyazi ndikunena zondionekera. Chaka china tinachedwa kusonkha, ulendo n'kufika kumapeto kwa Novembala. M'mawa ndinafunsa dalaiva kuti, "Achimwene, sipeya ilipo?" Iye anati, "Amayi, musade nkhawa, motoka iyi ndimaidziwa ngati mwana wanga." Inalipodi, yomangidwa bwinobwino pansi pa galimoto. Pobwerera mvula yoyamba inatipeza, tinatitimira kawiri, kachitatu chitsa chinang'amba tayala lakumbuyo. Pomasula sipeya ija, inali phwaa, mulibe ndi mpweya womwe. Mnyamata wina wa m'mudzi wapafupi ndiye anaikwezeka pa njinga kukaipopetsa, ife titakhala pansi pa mtengo, mayunifomu oyera atasanduka a katondo. Tinalowa mu Chipata anthu atagona, amuna a eni ake atatiimbira mafoni mpaka mabatire kutha. Kuyambira tsiku limenelo sindifunsanso ngati sipeya ilipo. Ndimati aitsitse ndiiponde ndi phazi langa.

*Zoopsa.* Kutitimira, kutentha, udzudzu mukachedwa mpaka madzulo, ndi kashembe m'malo ena a m'tchire. Munthu akadwala mwadzidzidzi thandizo loyamba lilipo pa mishoni, koma chipatala chachikulu, kaya St Francis ku Katete kaya cha mu Chipata, chili kutali ndi mseu woipawo.

Kachebere: kungodumpha malire

Kachebere ili m'Malawi, m'boma la Mchinji, pamapazi pa phiri kufupi kwenikweni ndi malire athu. Amishoni a Chikatolika otchedwa White Fathers anatsegula mishoniyi mu 1903, ndipo kuyambira 1939 pakhala seminale yaikulu ya St Anthony. Kwa Akatolika a kuno malowa si achilendo, chifukwa ansembe ambiri akale a ku Zambia anaphunzira kumeneko, kuphatikizapo Emmanuel Milingo wa kwa Mnukwa, amene anadzakhala arkiepiskopi wa Lusaka. Nyumba zake zazitali za njerwa, makonde ataliatali ndi bata lake ndi zomwe anthu amakakamba pobwera. Si cathedral, koma kwa wofuna kudziwa komwe kunachokera Chikatolika cha dera lino, kumeneko ndiko kumutu kwa mtsinje.

*Mtengo.* Mafuta ndi ochepa, poti chipata cha Mwami chili pa makilomita ongopitirira pang'ono 20 kuchokera mutauni. Zomwe zimadya ndalama ndi mapepala, makamaka mukawoloka ndi galimoto ya ku Zambia. Njira yotchipa ndi kusiya galimoto yanu ku Mwami, kuwoloka pansi, n'kuhaya ya ku Malawi tsidya linalo.

*Kupezeka kwa mayendedwe.* Mataxi a ku Mwami amanyamuka tsiku lonse akangodzaza, ndipo mseu ndi wa tala. Kuyambira Disembala 2022, pomwe apulezidenti Hakainde Hichilema ndi Lazarus Chakwera anatsegula One Stop Border Post, zodinda za mayiko onse awiri zimachitikira malo amodzi. Zinapepuka, komabe gulu la anthu 25 silidutsa ngati munthu mmodzi. Ikanipo ola lathunthu popita, linanso pobwera.

*Zosamalira.* Mzambia safuna visa kulowa m'Malawi, koma aliyense akhale ndi pasipoti yosatha ntchito kapena border pass. Pitani ku ofesi ya Immigration sabata isanakwane mukafunse zofunika pa ana ndi pa amene ali ndi NRC (chiphaso cha unzika) yokha, osati kukafunsira pa windo tsiku la ulendo. Wowoloka ndi galimoto afunika white book (pepala la umwini wa galimoto), kalata ya mwini wake ngati si yake, chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi, ndi inshuwalansi yogwira ntchito m'Malawi monga Yellow Card ya COMESA. Seminale nayo ili ndi ndondomeko yake ya mapemphero ndi maphunziro. Popanda chilolezo cha akuluakulu a pamenepo mukhoza kukathera pageti.

*Zoopsa.* Munthu mmodzi wopanda pepala amaimitsa basi yonse, ndipo mumayamba kukangana ngati mumusiye kapena mubwerere nonse. China ndi osintha ndalama a pamalire. Kwacha yathu ndi ya ku Malawi zimangofanana dzina, ndipo munthu akakupatsa mpukutu waukulu wa ya ku Malawi mutu umazungulira. Asinthe munthu mmodzi wodziwa masamu, m'malo ovomerezeka, awerenge kawiri.

Nkhoma, podutsira ku Maula

Uwu ndi ulendo wokoka chingwe mpaka pafupi kuduka. Kuchoka ku Chipata kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 150, kudzera ku Mchinji, Kamwendo ndi Namitete. Mu Lilongwe muli cathedral ya Akatolika ya Maula, yomwe mungaime kuiona mwachidule. Kenako mumagwira mseu wa M1 wolowera ku Dedza, n'kukhotera pa Kamphata, makilomita ena pafupifupi 50 kuti mufike pansi pa phiri la Nkhoma.

Mishoni ya Nkhoma inayamba mu 1896, pambuyo pa ya Mvera ya mu 1889, ndipo ndi likulu la Sinodi ya Nkhoma ya CCAP. Kwa a Reformed a kuno amenewa ndi abale a bere limodzi. Buku Lopatulika lomwe timawerenga pa guwa, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, ntchito yolimasulira inatsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni yomweyi. Amayi a Chigwirizano akafika kumeneko amapeza anzawo ovala ngati iwo, oimba nyimbo zomwezo, ndipo kuwalekanitsa kuti tizipita imakhala ntchito.

*Mtengo.* Wokwera kuposa onse: makilomita pafupifupi 400 kupita ndi kubwerera, kuonjezapo mapepala onse a pamalire aja.

*Kupezeka kwa mayendedwe.* Tala yekhayekha, chaka chonse. Koma zodumphadumpha m'maminibasi sizingatheke pa tsiku limodzi, chifukwa iliyonse imadikira kudzaza. Pamafunika galimoto imodzi yochoka nayo pakhomo mpaka kubwerera.

*Zosamalira.* Zonse za ku Kachebere, kuonjezapo mafuta. M'Malawi mafuta amasowa nthawi zina, mizere n'kutalika pa mafiling'i siteshoni, ndiye dzazani thanki mu Chipata. Galimoto ikhale ndi matriangle ndi chozimira moto, poti pa ma roadblock amafunsa. Layini ya foni ya kuno ikawoloka imadula, choncho mmodzi agule ya TNM kapena Airtel ya komweko.

*Zoopsa.* Kutopa kwa dalaiva, ndi nthawi. Mukanyamuka 5 koloko m'mawa, malire ndi kuthithikana kwa magalimoto mu Lilongwe zikakudyerani maola ake, mumafika ku Nkhoma dzuwa lili pamutu, ndipo pofika 2 koloko muyenera kukhala mutayamba kubwerera. Maola asanu ndi atatu kapena kuposa pa mpando, awiri kapena atatu pamalopo. Ine ndinapitako kamodzi mwa njira imeneyi, ndipo ndikadzapitanso ndidzagona.

Masiku oti muwapewe

Loweruka lomaliza la Febuluwale kuli mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni, ndipo kumapeto kwa Ogasiti kuli mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika. Masabata amenewo minibasi iliyonse yoyenda imakhala itagwidwa kale, ndipo pa Mwami pamadzaza alendo ochokera ku Malawi. Nthawi yogulitsa fodya ndi soya nayonso eni magalimoto amakhala ndi ntchito zonona, sakunyengererani.

Ndani apite kuti

Ngati gulu lanu lili ndi okalamba, ana a Sande sukulu kapena amayi oyembekezera, kapena thumba ndi lopepuka, tengani St Anne's ndi Magwero. Ndiwonso ulendo wokhawo womwe ndingauvomere pakati pa Disembala ndi Epulo popanda kuyang'ana kumwamba.

Ngati ndinu achinyamata kapena kwaya ya anthu olimba, muli ndi galimoto yokwera, ndipo mwezi uli pakati pa Meyi ndi Seputembala, pitani ku Msoro. Pa malo anayiwa, ndi kokhako komwe mukapeze cathedral itakhala pakati pa mudzi womwe unakulira mozungulira iyo, ndipo a Anglican amene sanafikeko ali ndi ngongole. Nyamukani kusanache, muchokeko isanakwane 2 koloko.

Ngati ndinu Akatolika ochepa, anthu osapitirira khumi, onse a mapepala awo, monga gulu la otumikira pa guwa lomwe lili ndi anyamata oganiza za unsembe, Kachebere ikukwanirani, ndipo mudzabwerera dzuwa likadalipo.

Nkhoma isiyireni banja kapena akulu a mpingo anayi asanu a galimoto yawoyawo, madalaiva awiri osinthana. Gulu lalikulu la Chigwirizano likaumirira, lembani kalata ku mpingo wa kumeneko mupemphe malo ogona, ukhale ulendo wa masiku awiri.

Pamsonkhano wathu wapitawu bambo wina anaimirira n'kunena kuti bwanji osangopita ku Likoma, ku St Peter's, cathedral yomwe inayamba kumangidwa mu 1903 pachilumba. Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti pakati pali nyanja ndi sitima yomwe siyenda tsiku lililonse. Anakhala pansi. Chaka chino tavotera Msoro, Loweruka lachiwiri la Julaye, ndipo mwini minibasi ndamuuza kale kuti Lachisanu madzulo abwere nayo kunyumba kwanga ndi sipeya yake.